Feda ya Achemwali

Mikisa yakale, makina osakanizira mawu a bandi, anaitulutsa m'chipinda chosungiramo zida ataigwira anthu anayi, wina ngodya iyi wina ngodya iyo. Atafika nayo pakhomo, Wang'oma anayambitsa nyimbo ya maliro. Ena anaseka, koma Makutu sanaseke. Iye anali ndi ngodya yolemera, ya kumene kumalowera magetsi, ndipo chitsulo chinkamudya m'zala.

Anakaiika m'khonde n'kuiphimba ndi katani wakale. Pa tebulo pamene inkakhala panatsala malo oyera bwino pakati pa fumbi. Mikisa yatsopano ya digito itaikidwa pamenepo sinadzaze ngakhale theka la malowo.

"Kameneka basi?" anafunsa Wang'oma. "Ine ndimayesa mwatibweretsera sikelo ya ana."

"Kameneka kali ndi nzeru kuposa iwe ndi ng'oma zako zonse," anatero Alamu.

Alamu ndiwo anali eni bandi. Ankaimba kiyibodi, ankapangana ndi eni maukwati, ndipo anakwatira woimba wamkulu wa bandiyo, Achemwali ake a Makutu. Makutu anali wa zokuzira mawu. Dzinalo anamupatsa oimba kalekale chifukwa ankamva waya wodwala ena onse asanamve kanthu. Malo ake anali kumbuyo kwa holo, kuseri kwa mikisa, kumene zingwe za maikolofoni zonse zimakathera. Kumeneko ankakweza uyu, kutsitsa uyo, kuti anthu amve nyimbo osati phokoso.

Panali ntchito inanso imene ankagwira pa mikisa yakale ija, imene sinkatchulidwa ndi munthu. Mawu a Achemwali anali atayamba kutha kumwamba. Pansi ndi pakati anali akadali omwe aja, olemera, okoma kumva. Koma nyimbo ikakwera, ankafika pena pake n'kung'ambika ngati nsalu yotha. Zinayamba pang'onopang'ono moti eni akewo sanazindikire. Woimba sadzimva mmene amamumvera anthu. Amamva zimene ikumupatsa sipika ya kumapazi kwake, ndipo sipika imeneyo amaidyetsa ndi wa pa mikisa.

Pa mikisa, maikolofoni iliyonse ili ndi kabatani kake kokankha, kamene amati feda. Ukakankhira kutsogolo mawu amakwera, ukakokera kwa iwe amatsika. Feda ya Achemwali inali yoyamba. Pambali pake penipeni Makutu anaikapo ya Telala, mayi wosoka zovala amene ankaimba kumbuyo movomereza. Mawu a Telala anali opyapyala, koma ankakwera osatuluka thukuta. Nyimbo ikamayandikira pokwera, Makutu ankayang'ana khosi la Achemwali. Mtsempha ukangotuluka, chala cholozera chinkakoka feda yoyamba, chapakati n'kukankha yachiwiri. Mzerewo ukatha, zala zinkabwerera m'malo. Anthu ankaona pakamwa pa Achemwali n'kumva mawu a Telala, ndipo ankawomba m'manja. Ku sipika ya kumapazi nako ankatumizako Telala wokwanira, moti Achemwali ankatsika pa siteji akudzipukuta nkhope, mtima uli m'malo.

Telala ankadziwa, popeza Makutu anachita kumupempha kuti pa mizere yokwerayo azisiya mawu ake ovomereza n'kuimba a Achemwali enieniwo. Anangoti chabwino, osafunsa zambiri. Kaya Alamu ankadziwa, sananenepo kanthu. Koma Achemwali sankayenera kudziwa. Anali munthu wokana ngakhale kuwalandira chikwama cholemera, ndipo Makutu ankaona kuti tsiku limene adzadziwe, kutsogolo kwa bandi sadzaimakonso. Kuimba ndiko kunali dzina lawo. Makutuyo anamulera ndi Achemwaliwo, ndi kuimba komweko, makolo atamwalira.

Wogulitsa mikisa yatsopano, bambo wa magalasi wolankhula mofulumira, anakhala nawo masana onse akulumikiza zinthu. Mikisayo inali ndi mafeda ochepa, ndipo pamwamba pa feda iliyonse panali kagalasi kowala kolemba dzina la mwini wake.

"Musadandaule kuchepa," anatero wogulitsa. "Ili ndi masamba, ngati buku. Tsamba loyamba ndaika ofunikira: mayi woimba wamkulu, kenako maiki ya woyendetsa mwambo, kenako kiyibodi, magitala, ng'oma. Ovomereza ali tsamba lachiwiri. Onani."

Anadina batani. Mafeda onse anayenda okha, ena kukwera ena kutsika, tcheretchere, ndipo mayina a pa timagalasi anasintha. Wang'oma anadumphira kumbuyo atagwira pamtima.

"Alamu, mwagula kwa sing'anga uti?"

"M'masipika a kumapazi ndachotsamo zinyalala zonse zimene munkasakanizamo," wogulitsa anapitiriza. "Aliyense azidzimva yekha, mawu oyera. Zonsezi ndazisunga m'kati. Mukasokoneza, mungodina batani ili, zibwerera mmene ndasiyira."

Makutu anayang'ana tsamba loyamba kwa nthawi. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Telala sangabwere kuno, pafupi ndi Achemwali?"

"Atha kubwera. Koma chifukwa chiyani? Wovomereza mumangomuika pamalo n'kumusiya."

Achemwali anali pomwepo, atakhala pa bokosi la sipika akusenda lalanje ndi chikhadabo. Anadzutsa mutu kudikira yankho.

"Ayi, ndimangofunsa," anatero Makutu.

"Mlamu, musayambe," anatero Alamu. "Katswiri wakonza, inu ntchito yanu n'kukankha basi. Mwakalamba ndi chigubu chija, tsopano pumulani."

Ukwati woyamba ndi mikisa yatsopano unali wa Loweruka. Lachisanu masana Makutu anatenga kiyi wa chipinda cha zida n'kudzitsekeramo yekha. M'chipindamo munkanunkha fumbi ndi mphira wa zingwe. Anayatsa mikisa n'kuyamba kudinadina. Analowa m'malo amene sankadziwa potulukira, anazimitsa ng'oma zonse mwangozi n'kuzipezanso, mpaka anapeza pamene amasamutsira mayina. Anachotsa woyendetsa mwambo pa feda yachiwiri n'kumukankhira kumapeto, Telala n'kumuika pamenepo. Anafufuzanso njira ya ku sipika ya kumapazi kwa Achemwali, naikamo Telala monga kale.

Atatha anayesa zala. Mafeda atsopanowa anali opepuka, oterera, osagwira ngati akale aja amene ankafuna kuwakankha ndi mtima wonse. Anabwereza kangapo, cholozera kukoka, chapakati kukankha, mpaka dzanja linavomera. Anazimitsa mikisa n'kuiyatsanso, ndipo zonse zinali mmene anazisiyira. Anapumira m'mwamba n'kuiphimba ndi nsalu.

Zosunga m'kati sanaziganizire n'komwe. Mikisa yakale sankaisunga. Unkaisiya, n'kudzaipeza mawa lake mmene unaisiyira, pokhapokha mphaka atayendapo.

Holo ya Loweruka inali yaitali, ya denga la malata ndi mazenera akuluakulu amene anawakuta ndi nsalu zoyera. Matebulo ozungulira anadzaza mpaka kukhomo. Makutu anaika mikisa kumbuyo, pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, pamene operekera zakudya ankadutsa ndi mathireyi akumupempha njira. Kanali koyamba kufika pa ukwati msana usakumupweteka.

Gawo loyamba linayenda bwino. Mawu anali oyera, zoona, ndipo ng'oma zinkamveka iliyonse payokha. Pa nyimbo ina Achemwali anakwera pang'ono, zala za Makutu zinachita zake, ndipo palibe anatembenuka. Alamu anamuponyera chala chachikulu ali pa kiyibodi.

Nthawi ya chakudya bandi inapuma. Sipika ina ya pakona inayamba kulira ngati njuchi, ndipo Makutu anapita kukaona. Anapeza mwendo wa mpando utaponda chingwe, pampandopo patakhala gogo wina wosamva bwino. Zinatenga nthawi kuti gogoyo amvetse kuti sakuthamangitsidwa.

Pobwerera anapeza Alamu ali pa mikisa ndi azibambo awiri a masuti, akuchimuna, onse akuseka.

"Ndimawaonetsa amalumewa mmene amavinira okha mafeda," anatero Alamu. "Akuti kwawo sanaonepo."

"Mwadina chiyani?"

"Aaa, mlamu, palibe chawonongeka. Si izi zabwerera?"

Makutu anayang'ana mafeda. Anali ataima pafupifupi pamene anawasiya. Timagalasi ta mayina sanatiwerenge. Kwa zaka zonse za ntchito yake sanawerengepo mikisa, ankaidziwa ndi zala. Koma batani limene Alamu anadina linali la wogulitsa lija. Mikisa inali itabwerera mmene inasungidwira: Telala ku tsamba lachiwiri, woyendetsa mwambo pa feda yachiwiri, ndipo m'sipika ya kumapazi kwa Achemwali munali Achemwali okha.

Woyendetsa mwambo, mkulu wa mimba ndi tayi wofiira, analengeza kuti akwati atsegule bwalo. Atalengeza anachoka pakati n'kupita chakukhitchini, maiki ili m'manja yosazimitsa. Alamu anayamba nyimbo ya akwati, imene anapeka okha, yoyenda pang'onopang'ono, imene eni maukwati ankaitanira bandiyi. Inkayambira pansi, n'kumakwera, mpaka pa mzere womaliza pamene woimba amagwira liwu limodzi kumwamba kwenikweni akwati akuzungulira.

Achemwali anaiyamba bwino. Anavala diresi yobiriwira imene Telala anasoka, ndipo anaimba atatsinzina. Mkwati ndi mkwatibwi ankayenda mwamanyazi, akupondana. Mafoni anali m'mwamba paliponse. Makutu anaika zala ziwiri pa mafeda, maso pa khosi la Achemwali.

Mtsempha unatuluka. Cholozera chinakoka, chapakati chinakankha.

Mawu a Achemwali anazimirira m'masipika, ndipo m'malo mwake holo yonse inamva mawu a mwamuna, aakulu ngati bingu.

"Iwe, undisungire ntchafu. Ntchafu, osati mapiko. Paja ulendo watha unandipatsa khosi."

Kwa kamphindi anthu sanadziwe kumene mawuwo achokera. Kenako tebulo lina linaphulika ndi phwete, ena n'kutsatira. Woyendetsa mwambo anayang'ana maiki yake ngati yamuluma. Makutu anakoka feda yachiwiri, ndipo posafuna kusiya dzenje m'nyimbo, anakankha yoyamba mpaka pamwamba. Anaikankha pa nthawi imene liwu la Achemwali linali litang'ambika kale. Linatuluka m'masipika onse lili choncho, losasa, loperewera, likunjenjemera ngati chitseko cha dzimbiri.

Achemwali anatsegula maso. Anayang'ana pansi pa sipika ya kumapazi kwawo, imene inkawabwezera mawu awo okha opanda chowaphimba. Kenako anapotoloza khosi pang'ono. Kumbuyo kwawo Telala ankaimba liwu lomwelo, loyera, lokwera bwino, monga ankachitira Loweruka lililonse. Pomaliza anayang'ana kumbuyo kwa holo, kudutsa mitu yonse, mpaka pa Makutu.

Nyimbo anaimaliza. Anthu anawomba m'manja akusekabe za ntchafu.

Dzuwa litapendeka alendo anabalalika, ndipo bandi inayamba kulongedza. Operekera zakudya ankasanja mipando, wina akusesa maluwa opondedwa. Wang'oma ankamasula zitsulo zake akubwereza, "Ntchafu, osati mapiko," mpaka anaona kuti akuseka yekha.

Achemwali anakhala m'mphepete mwa siteji osavula nsapato. Anaitana Telala, amene ankapinda nsalu za maikolofoni.

"Iwe Telala, pa mzere womaliza uja umaimba chiyani?"

"Mawu anu, mayi."

"Ako unawasiya kuti?"

Telala anayang'ana mpendero wa diresi yobiriwira ija ngati waonapo ulusi wosololoka.

"Anakuuza ndani?"

Maso a Telala anapita kumbuyo kwa holo.

"Zayamba liti?"

"Papita kanthawi, mayi."

Achemwali ananyamuka n'kuyenda pakati pa matebulo opanda nsalu. Makutu ankakulunga chingwe pa mkono, ndipo anapitiriza kukulunga ngakhale atafika.

"Ndionetse."

"Chiyani, achemwali?"

"Usandipusitsenso kachiwiri tsiku limodzi. Ndionetse mmene umachitira."

Makutu anaika chingwe pansi. Mikisa inali itazimitsidwa kale. Anaika zala ziwiri pa mafeda awiri oyamba, china kukoka, china kukankha, kenako kubwezera. Kanali kanthu kakang'ono, kosakwana ndi kuphethira komwe. Achemwali anayang'anitsitsa.

"Bwereza."

Anabwereza.

"Ndiye anthu onse aja akhala akuwombera m'manja zala zako."

"Nyimbo yonse mumaimba ndinu. Ndi kamzere kamodzi chabe, pena awiri."

"Kamzere kamene amatiitanira."

Alamu anafika atanyamula kiyibodi kukhwapa, akulankhula asanaime.

"Mayi, nkhaniyi ndi yaing'ono. Wogulitsa uja anati makinawa ali ndi kena kowongolera mawu. Ukaphonya, iko kamakukankhira pamalo. Lolemba ndimuitana, palibenso adzadziwe."

"Inunso mumadziwa?"

Alamu anasinthira kiyibodi kukhwapa lina. "Ine ndimakhala pa kiyibodi, mayi, ndipo makutu ndili nawo."

"Osanena?"

"Ndinaitsitsa nyimboyo kuti isamakwere kwambiri. Kawiri konse. Simunadandaule."

Achemwali anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene akuuzidwa njira ya kumalo kumene anafikako kale. Anatenga chikwama chawo. Wang'oma anathamangira kuti awalandire, iwo anamuyang'ana, iye anabweza manja. Galimoto ya bandi sanaidikire.

Sabata imeneyo Achemwali sanabwere kokonzekera nyimbo. Alamu ankangoti ali bwino, akupuma, ndipo ankasintha nkhani. Wogulitsa anabwera, anamuonetsa Makutu posungira zimene wakonza, komanso kowongolera mawu kaja. Makutu anayesa pa mawu a Wang'oma. Anatuluka osalala, owongoka, ngati a munthu wina wosamudziwa.

"Ndikwatitseni msanga mawu asanabwerere," anatero Wang'oma.

Pakati pa sabata Makutu anapita kunyumba kwa Achemwali. Anawapeza pabalaza akusita malaya a Alamu, wailesi ili chete. Anamuuza kuti tiyi ali m'fulasiki, adzithirire yekha, si mlendo. Anakhala pa mpando wa pakona pamene ankakhala ali mwana wasukulu, kapu ili m'manja, akuyang'ana simbi ikupita ndi kubwera pa kolala.

"Loweruka ndiimba," anatero Achemwali osamuyang'ana.

"Chabwino. Ndakonza kale, ndasunganso. Sizidzachitikanso."

"Sunandimve. Ndiimba ine. Telala aimba zake zovomereza. Kowongolera kanuko sindikukafuna. Iwe feda yanga uiike pamalo amodzi, manja uchotsepo."

"Achemwali, ndi ukwati wa eni."

"Maukwati onse aja anali a ndani? A agogo ako?"

Makutu anamwa tiyi. Anali wotentha kwambiri koma anameza.

"Bwanji tiyesere kaye kuchipinda cha zida? Tokhatokha. Mudzimve bwinobwino, kenako muganize."

"Kuchipinda kuli inu, ndipo nkhope zanu ndaziona kuti zimanama. Ndikufuna nkhope za anthu osandidziwa. Ndione mmene zimakhalira zikandimva ine." Anatembenuza malaya. "Mwina si zoipa mmene mukuganizira. Mwina tsiku lija ndinadzidzimuka ndi wantchafu uja. Inu mwandiweruza kale, ine sindinadziweruze."

"Nanga zikakanika?"

"Zikakanika ndiye kuti zakanika. Iwe ndinakuphunzitsa kuyenda, ndipo unkagwa. Sindinakuberekere kumsana mpaka ndevu."

Anaimika simbi n'kumuyang'ana koyamba. "Ukakhudza, ndidziwa. Tsopano ndikudziwa pomvera."

Ukwati wotsatira unali wa pabwalo, pa kapinga wa kuseri kwa hotela ina, pansi pa matenti oyera. Kunali kamphepo kamene kankakweza nsalu za matebulo. Panja mawu sabwerera ngati m'holo, amangopita, ndipo chilichonse chimamveka chili pachokha. Makutu anaika mikisa pansi pa kamtengo, anaitchinga dzuwa ndi ambulera kuti timagalasi tiziwerengeka, ndipo ulendo uno anawerenga dzina lililonse.

Achemwali anaimba gawo loyamba ngati kale. Nyimbo zotsika zinatuluka zolemera, ndipo mayi wina wa chipewa chachikulu anaima kuvina yekha ndi kapu m'manja. Pa nyimbo zokwera pang'ono mawu ankafika movutikira, koma ankafika. Telala ankaimba zake kumbuyo, maso ali pa kapinga.

Kenako akwati anaitanidwa pakati, ndipo Alamu anayamba nyimbo ija. Anayang'ana kwa Makutu kamodzi. Makutu anaika feda yoyamba pamalo ake, anachotsa dzanja, naika manja onse awiri m'matumba. M'thumba lamanja zala ziwiri zinkagwedezeka zokha.

Achemwali sanatsinzine. Anaimba akuyang'ana matebulo, nkhope ndi nkhope. Nyimbo inakwera. Mtsempha unatuluka m'khosi. Liwu linanyamuka, linafika pafupi, pafupi ndithu, kenako linang'ambika pakati. Iwo sanalisiye. Analigwira choncho, losasa, mpaka kumapeto kwa mzere.

Palibe anaseka. Akwati anapitiriza kuzungulira, mkwati akuwerenga mapazi ake. Pa tebulo lakutsogolo mtsikana wina anatsitsa foni imene ankajambulira n'kuiika pa mbale. Bambo wina anakwinya nkhope ngati waluma mwala mu mpunga, kenako anaiwongola msanga ataona kuti woimba akumuyang'ana. Mayi wa chipewa uja ananong'oneza mnzake, mnzakeyo n'kugwedeza mutu mwachisoni. Nyimbo itatha anthu anawomba m'manja mwaulemu, pang'ono, ngati mmene amawombera mlendo wolemekezeka akamaliza kulankhula.

Achemwali anawerama pang'ono. Anatembenuka, anamugwira Telala pa mkono, n'kumukokera kutsogolo. Telala anakana ndi mutu. Iwo anamuika maiki m'manja n'kumupinda zala ngati akupatsa mwana ndalama yokagulira mchere. Ananena kanthu kwa Alamu, ndipo Alamu atayang'ana kiyibodi kwa nthawi, anayamba nyimbo yotsatira.

Achemwali anatsika pa siteji n'kuyenda m'mbali mwa matenti, zidendene zikulowa m'kapinga, mpaka anafika pa kamtengo. Anaima pambali pa Makutu. Telala anali atayamba kuimba, mwamantha, maiki ili pakamwa penipeni.

"Kuno kumamveka chonchi?" anafunsa Achemwali.

"Eya."

"Zaka zonsezi sindinaimepo kuno."

Anamvetsera kwa kanthawi manja ali m'chiuno.

"Mawu ali nawo, koma akudya maiki. Ukamuuze aziitalikitsa. Ndipo azitsegula pakamwa, sakusoka pano."

"Ndikamuuza."

"Ayi, ndikamuuza ndekha, iwe ungomuchititsa manyazi. Lolemba abwere kunyumba."

Makutu anatulutsa dzanja m'thumba n'kuchepetsa pang'ono gitala amene ankaphimba Telala.

"Nanga inu, achemwali?"

"Ine chiyani?"

"Loweruka likubwerali."

"Kutsogolo ndachokako. Zotsika mwina ndiziimbako kumbuyo, ndikafuna. Lero sindikufuna." Anawerama n'kuvula nsapato imodzi, kenako inzake. "Uwauze alamu ako kuti akandipeza kunyumba. Asathamange, amalize ntchito ya eni."

Woperekera zakumwa wina wachikulire anaima pafupi ndi thireyi, anayang'ana mayi wopanda nsapatoyo, n'kufunsa mwaulemu ngati ali akuchikazi kapena akuchimuna, kuti awapezere mpando.

"Ndikupita kale, bambo," anatero Achemwali.

Anatenga botolo la madzi pa thireyiyo n'kudutsa kuseri kwa matenti, kumene kunali magalimoto, nsapato zili m'dzanja. Makutu anawaona mpaka pa geti. Pa siteji Telala anafika pokwera, mawu anakula mwadzidzidzi, sipika ya kumanzere n'kuyamba kulira, ndipo Makutu anatembenukira ku mikisa.